Mzere wa pa Buluku la Ba Miti

Ku Nangongwe, komboni yathu ya m'tauni ya Kafue, aliyense amasesa chaka chikamatha. Azimayi amatulutsa mipando panja, amakuntha mphasa, amachotsa akangaude kudenga. Koma wosesa weniweni tinali naye mmodzi: Fanwell Miti, mwana yekhayo wa Ba Luckson Miti ndi Ba Elina, anansi anga. Iyeyu zinyalala za pakhomo ankazisiyira mayi ake. Chimene ankasesa ndi moyo wake. Disembala aliyense ankapeza chinthu choti ataye, kenako n'kuzungulira Kafue yense kuuza anthu kuti tsopano wapepuka.

Ine ndine Felistus, ndimagulitsa salaula, zovala zakale zochokera kunja, pamsika wa m'tauni. Fanwell ndinamuona akukwawa, mamina ali chuchuchu, choncho za iyeyu sindinena zongomva.

Choyamba kutaya chinali chiyankhulo cha kwawo. Makolo ake anachokera ku Katete kudzafuna ntchito, ndipo m'nyumba ankayankhula Chichewa chakumudzi. Fanwell atangophunzira timawu tiwiri ta Chingerezi anayamba kuyankha agogo ake ngati kalaliki wa ku Boma. Chaka china anataya sukulu, akuti imachedwetsa munthu wanzeru. Bambo ake anamupemphera malo kufakitale ya nsalu, mbali yonyika utoto, koma Disembala wotsatira anataya ntchitoyo chifukwa utoto unkamudetsa zikhadabo. Boma litasintha, malonda atatsegukira aliyense, anagula chikwama chakuda cha mabwana n'kudzitcha munthu wa bizinesi. Tsiku lina chinatseguka chokha m'minibasi ya ku Lusaka ine ndili momwemo. Munali chipeso ndi nyuzipepala ya mwezi watha.

Anakwatirakonso. Mtsikanayo, Ireen, anali wa ku Shimabala, wolimbikira, wolima tomato. Anakhala naye mpaka mwana atabadwa, ndiye chaka chikutha anamubweza kwa makolo ake, khanda lili kumsana. Anthu atafunsa chifukwa, anati mkaziyo amamukokera m'mbuyo. Mlandu wa Ireen unali kufunsa za ndiwo.

Pomaliza analowa mpingo wina watsopano umene unkasonkhana m'shedi ya malata pafupi ndi njanji. Opemphera sindiwanyoza ayi. Mlongo wanga anasiyira mowa kumeneko, ndipo achinyamata ambiri a mpingowo ndi anthu aulemu, ogwira ntchito ndi manja awo. Koma Fanwell sanapite kukafuna Mulungu. Anakapezako dzina la khalidwe lake lakale. Kutaya kuja tsopano ankakutcha kumasulidwa, ndipo chilichonse chomufunsa udindo ankachitcha katundu wakale.

Bambo ake anali munthu wina. Ba Miti anali wamfupi kwambiri, wosachuluka mawu, ndipo anayendetsa makina oluka nsalu kuyambira ali mnyamata. Zovala anali nazo zochepa: jekete lakhofi, mabuluku atatu, malaya oyera angapo ndi chipewa. Kupatula chipewacho, zonse zinasokedwa ndi nsalu ya pafakitale yawo yomwe. Nthenda yawo inali imodzi, mzere wa pa buluku. Unkafunika kuima chilili kuyambira m'chiuno mpaka pansapato. Ba Elina anali ndi njira yake: ankatembenuza buluku, n'kupaka sopo wouma mkati motsata mzerewo, kenako n'kusita ndi nsimbi ya makala. Atachita zimenezi zaka zonse za ukwati wawo, mzere unalowa m'nsalu moti ngakhale mvula sinkaufafaniza.

Fakitale itayamba kufooka, mabwana sanatiuze kuti akutichotsa. Anati akutipuluna, mawu a alimi a malalanje, kudula nthambi kuti mtengo ubereke bwino. Anthu anaseka mowawidwa mtima kuti Ba Miti dzina lawatsata. Inenso ndinapulunidwa tsiku lomwelo, ndipo ndinapita kukagulitsa salaula yomweyo imene inagwetsa nsalu zathu, poti mimba ilibe manyazi. Ba Miti sanapeze china chochita. M'mawa uliwonse ankavala buluku la mzere n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, kuyang'ana msewu wa kufakitale. Anamwalira m'nyengo yotentha ya 1997, mvula isanagwe.

Kumaliro kunabwera mng'ono wawo, Ba Bwezani, kuchokera ku Katete, ali yekha chifukwa mtengo wa basi unali utakwera. Tsono mwambo wa banja lawo ndi wotere. Zovala za mwamuna womwalira si za mkazi wake, si za ana ake. Ndi za abale ake a bere limodzi. Iwo ndiwo amatsegula bokosi, kugawana zovalazo, kenako kusudzula wamasiye, ndiko kumumasula ku ukwatiwo. Zimenezi zisanachitike, mkazi amavala chitambala chakuda kumutu, sapita kuukwati kapena kuchisangalalo, ndipo sathira mchere m'ndiwo zimene ena adye. Amaphika, n'kuika mchere pambali, aliyense azithira yekha. Tsiku lomusudzula ndi limene amathiranso mchere ndi dzanja lake.

Ba Bwezani sakanachita mwambowo popanda mlongo wawo wamkulu, a Tisauke, amene anatsala kumudzi.

"Alamu, bokosilo mutseke," anatero potsanzika. "Tikabzala ndi kupalira, ndibwera ndi alongo athu tidzakumasuleni."

Ba Elina anatseka bokosi la chitsulo lija n'kuyamba kudikira. Mwezi uliwonse ankatulutsa zovalazo, kuziyanika, kuzisita ndi kuzibwezeramo, kuopa njenjete. Ankandiuza pampanda kuti akadzangomasulidwa adzapita kukaona mng'ono wawo ku Katete, adzavalanso chitenge chowala, ndipo usiku azidzagona ngati munthu. "Panopa ndili pakati, Felistus," ankatero. "Sindine mkazi wa munthu, sindinenso womasuka." Fanwell, amene ankadya pakhomopo osabweretsa ngakhale kapenta wa m'dzanja, ankadandaula chinthu chimodzi chokha, kuti watopa ndi kudzithirira mchere.

Linafika tsiku lomaliza la chaka. Kumpingo kwa Fanwell anali atalengeza kuti masana ayatsa moto mumgolo, aliyense abweretse zomumanga: zithumwa, mapaketi a fodya, zithunzi za zibwenzi zakale. Fanwell analibe choti apititse. Zake zonse anali atataya kale, ndipo kufika chimanjamanja pamaso pa anzake kunali kochititsa manyazi. Maso ake anagwera pabokosi. M'mawa ndikumanga mtolo wanga wa kumsika ndinawamva akukangana.

"Amai, mu nyumba muno muli mzimu wa umphawi. Napemphera, naona kuti uchokera mu bokosi umu."

"M'bokosimo muli zovala za atate ako."

"Ndiye vamene nikamba. Sitingangene mu chaka cha nyuwani na vintu va akufa. Nizavipeleka ku moto."

"Si zako, si zanga. Eni ake ali ku Katete. Usakhudze."

"Imwe amai, mukonda maningi vakudala. Ndiye chifukwa simuyenda pasogolo."

Ba Elina anangomusiya. Anatenga khasu n'kupita kukapalira kakamunda kawo ka chimanga kumbali ya msewu wa ku Shimabala. Anaiwala kuti loko wa bokosilo ankatseguka ndi msomali.

Dzuwa litakwera ndinaona Fanwell akubwera pabenchi langa kumsika, thumba la ufa lili paphewa, chikwama cha mabwana chili kudzanja lina. Njira ya kumoto inadutsa pamsika, ndipo zikuoneka kuti mzimu wa bizinesi unamugwira panjira.

"Ba Felistus, nili na katundu yabwino, feesti giredi. Musakanize chabe na yanu, tizagabana."

Anakhuthula thumbalo pamwamba pa mulu wanga. Jekete lakhofi, malaya oyera, mabuluku, zonse zopindidwa bwinobwino, zosalala, mzere uli njo.

Munthu wosadziwa ntchito yathu angaganize kuti chovala chosita ndiye chimagulidwa msanga. Ndi bodza. Pa salaula wogula amafuna makwinya. Makwinya ndiwo umboni wakuti chovala changotuluka m'belo, chachokera kutsidya la nyanja. Ifeyo timazisiya dala zili zokwinyika, ndi fungo lake la m'belo. Chovala chochapa ndi chosita pamulu chimatanthauza kuti chachoka m'nyumba ya munthu wa konkuno, ndipo m'zaka zimenezo, maliro ali tsiku ndi tsiku, aliyense ankadziwa kuti ndi nyumba yotani. Za mzungu wakufa anthu savutika nazo, akuti mzimu wake sungaidziwe njira ya ku Nangongwe. Za mnansi wakufa palibe amene amazifuna pathupi pake. Ngakhale mwana wa pamsika amadziwa zimenezi, koma katswiri wathu wa bizinesi sankadziwa.

Mayi wina amene ankasankha masiketi pabenchi langa anabweza dzanja ngati wagwira mbaula.

"Iye! Nanga afa ndani?" anafunsa, n'kuchoka osagula kanthu.

Ine mtima unandiwira. "Iwe Fanwell, ulibe nsoni? Ivi ni vovala va atate ako. Amai ako alindira kusudzulidwa na vovala vamene ivi. Bweza manje manje!"

"Ba Felistus, imwe mugulisa va akufa a ku Ulaya, manje mukana va akufa a mu Zambia? Ndiye ukapolo wa mu mutu uyo."

Pakamwa anali napo, chimenecho sindimumana. Anabwezera zovalazo m'thumba, koma funso la mayi uja linali litamuphunzitsa kanthu. M'malo mobwerera kunyumba anapita kuseri kwa msika, kumene timataya mapepala a mabelo. Ndinamutsatira ndi maso. Anakhuthulira zovala za bambo ake pansi, anavula nsapato kuti zisade, n'kuyamba kuzipondaponda. Anapotokola jekete ngati akufinya chopukutira pansi. Malaya oyera anawakhalira. Anatola chipulasitiki cha belo n'kukulungamo zonse kuti zitengeko fungo. Mabuluku ndiwo anamuvuta. Ankati akaponda n'kukweza, makwinya alipo ndithu, koma mzere uli pomwepo. Ndinaona mwamuna wamkulu, wandevu, akulimbana ndi mzere wa bambo ake ndi chidendene, thukuta lili kamukamu.

Ndinasiyira mnzanga benchi n'kuthamangira kumunda. Ndi patali, ndipo ine si mtsikana. Pamene tinkafika kusiteshoni ya sitima ndi Ba Elina, kumene anthu anatiuza kuti wapita, tinamupeza atakhala pamwala akumwa chakumwa chozizira, thumba lili pambali pake lopanda kanthu. Tsiku la chikondwerero anthu amagula msanga, ndipo iye anagulitsa pamtengo wa bonya.

"Zovala zili kuti?" anafunsa Ba Elina, matope akumunda akali kumapazi.

"Napeleka ku moto, amai. Mwamasuka."

"Wabodza iwe!" ndinakuwa ine. "Nakuona na maso yanga!"

Sanagwetse nkhope n'komwe. "Kushoka pa moto na kugulisa ni chimozi chabe. Chikulu ni chakuti vachoka mu nyumba."

Ndinkayembekeza kuti Ba Elina alira kapena amumenya ndi mpini. Sanatero. Anawerama, anatola thumba lija, analikuntha, analipinda kanayi n'kuliika m'khwapa. Tinabwerera ku Nangongwe. Masana omwewo Fanwell anapita kumgolo wa moto n'kuponyamo mpango wa m'thumba wa bambo ake, umene unali utakanika kugulidwa, ndipo ndinamva kuti anachitira umboni wautali, anthu n'kuwomba m'manja.

Mu Januwale Ba Miti anayamba kuyenda m'tauni zidutswazidutswa. Chipewa chinaoneka pamutu pa wogulitsa nsomba kumlatho. Malaya oyera anali ndi munthu wina wa kubutchala. Jekete ndi buluku limodzi zinagulidwa ndi Ba Peter, dalaivala wa minibasi amene anali atangobwera kuchokera ku migodi, naye wamfupi. Mkazi wake atachapa bulukulo, makwinya a Fanwell anatha, mzere n'kubwerera wokha. Tsiku lina tikuchokera kuchigayo, Ba Elina anaona msana wa jeketelo pasiteji n'kuitana mokweza kuti, "Atate ake Fanwell!" Kenako anadzigwira pakamwa. Ine ndinalira pamsewu pomwepo, iwo ayi.

Tinayesa kuzibweza. Wansomba uja mphekesera inamufika ife tisanafike, ndipo chipewa anachiponya mumtsinje wa Kafue. Apa Ba Elina anandipempha kuti kwa Ba Peter tisatchule za maliro, tingopempha kugula. Tinapita.

"Muli shani, ba mayo? Iyi jekete? Awe, siningagulise," anatero Ba Peter akusisita kolala. "Iyi ni ya ku Italy. Gwirani nsalu mumvere. Muno mu Zambia sitingapange nsalu ya so."

Nsaluyo inalukidwa kuseri kwa siteji yomweyo, mwina ndi manja a mwini jeketeyo. Ba Elina anaigwira monga anauzidwira, anavomera kuti ndi yabwino, ndipo tinachoka.

Chimanga chitayamba ngaiyaye, munthu wina wochokera ku Katete anabweretsa uthenga wakuti Ba Bwezani ndi a Tisauke afika Loweruka. Apa ndi pamene Fanwell anakumbukira kuti bokosi lopanda kanthu ndi mlandu, ndipo mlanduwo ugwera iye pamaso pa akuluakulu. Womasulidwa uja anayamba kutuluka thukuta. Anabwera pabenchi langa, ndinamuthamangitsa. Anapita kwa ena n'kugula zotsalira za pansi pa belo, zimene zinakanidwa ndi aliyense: mabuluku aatali ngati a munthu wokwera pamitengo, malaya a maluwa, ndi chikhoti chachikulu cha kumayiko ozizira, chaubweya m'khosi. Anaziunjika pamphasa pamaso pa mayi ake ine ndilipo.

"Amai, muvichise na nsimbi. Muikeko na mzere monga mwamene munali kuchitira. Atate ang'ono sazaziba."

Taonani nzeru za mwana ameneyu. Zovala za bambo ake anazikwinya kuti zikhale za mzungu, tsopano za mzungu ankafuna zisitidwe kuti zikhale za bambo ake. Ndipo wosita akhale mkazi wamasiye yemweyo.

"Ba Elina, osavomera," ndinatero. "Auzeni chabe zoona alamu anu. Uyu aone vamene anachita."

Ba Elina anayang'anitsitsa muluwo.

"Ndikanena, amutemberera," anatero potsiriza. "Temberero la atate aang'ono silichoka. Ndi wopusa, koma ndinabereka mmodzi yemweyu."

Anayatsa makala. Ine ndinawakupizira nsimbi, mtima ukundipweteka. Anasita chimodzichimodzi, mosamala monga mwa masiku onse, chifukwa ntchito yosalongosoka sankaidziwa. Fanwell anaimirira pakhomo kuyang'anira ngati kapitawo, mpaka kuwauza kuti kolala ina sinagone bwino. Ndinaona chinthu chimodzi chimene iye sanachione. Sopo anali pawindo pomwepo, koma Ba Elina sanamupake pabuluku ndi limodzi lomwe.

Loweruka alendo anafika, atatopa, mapazi atatupa ndi ulendo. Anansi tinaitanidwa kudzakhala mboni. Tinakhala pamphasa, amuna pamipando, bokosi lili pakati. Fanwell anavala tayi. Ba Bwezani anatsegula bokosilo, anatulutsa buluku loyamba n'kuimirira nalo. Analikweza mpaka pachifuwa, koma miyendo yake inali ikukhwekhwerezekabe pansi. Ba Bwezani ndi wamfupi ngati malemu mkulu wawo.



"Akulu anga anatalika m'tauni muno," anatero pang'onopang'ono.

"Ni vakudya va mu tauni, atate," anayankha Fanwell mosaphethira.

Ba Bwezani anamuyang'ana, kenako anayang'ana mlamu wawo, amene maso anali pamphasa. Anadziwa. Munthu amene anagona mphasa imodzi ndi mkulu wake sangalephere kudziwa msinkhu wake. Ndinaona mawu akukwera pakhosi pawo, ndipo mumtima ndinati, lero Fanwell aona polekera. Koma dzanja lawo linali litalowanso m'bokosi, ndipo linakhudza ubweya wa chikhoti chija. Anachitulutsa. Anachisisita. Anachivala, m'kutentha kwa mwezi wa Febuluwale, n'kuyang'ana manja ake mmene akutsikira kupitirira zala. A Tisauke nawo anali atayala malaya a maluwa pamiyendo, akutchula mayina a ana awo aamuna, uyu la uje, ili la uje.

"Mabuluku tikapinda kwa telala," anatero a Tisauke. "Nsalu yotsala ikwana kabudula wa mdzukulu."

Umphawi ndimaudziwa, sindiuseka. Anthuwa chimanga chawo cha chaka chatha chinawolera m'nkhokwe kusowa wogula. Komabe ndinanyansidwa. Anayenda ulendo wonsewo kudzatenga mbale wawo, anapatsidwa mlendo, ndipo anaona kuti mlendoyo ndi wonenepa bwino.

Ba Bwezani anakhala pansi, thukuta likutsika m'khosi mwa ubweyamo, n'kunena mawu a mwambo.

"Alamu, munatisungira mbale wathu ali moyo, mwamuperekeza mpaka kumanda. Zovala zake taziona, tazilandira. Ife tilibe nanu mlandu. Kuyambira lero ndinu omasuka."

A Tisauke anamasula chitambala chakuda pamutu pa Ba Elina n'kuwamanga chofiira. Azimayi ena analulutira pang'ono. Fanwell anafuula aleluya. Chotsala chinali chimodzi, kuti womasulidwayo aphike, athire mchere ndi dzanja lake, tonse tidye.

Anapha nkhuku. Anakana kuti ndiwathandize kukhitchini. Nshima itafika, Ba Bwezani anasamba m'manja, anatema mbamu, anasunsa mumsuzi n'kuika m'kamwa. Anasiya kutafuna. A Tisauke analawa, n'kuyang'ana kumbali. Inenso ndinalawa. Nkhuku inapsa bwino, tomato ndi anyezi zinalimo. Pambali pa mbale panali kachitini ka mchere, pamalo pake pa miyezi yonse ija.

Akuluakulu onse anamva zimene mbaleyo inkanena. Ba Bwezani anatambasula dzanja kuchokera m'chikhoti chawo chatsopano, anatapa mchere n'kudzithirira, maso ali pansi. Fanwell yekha ndiye sanamve.

"Amai, mwaibala mchere."

"Sindinaiwale."

"Manje si mwamasuka? Vakudala vasila, amai. Tayani."

Ba Elina anali atagwada pafupi ndi chitseko, beseni la madzi lili m'manja. Anayankha mofatsa, ngati akumuuza mtengo wa tomato.

"Amene andisudzula lero ndi mzungu mwini chikhoticho, ndipo ine sindinakwatiwepo naye. Atate ako akali pamsewu, apita ku Lusaka ndi kubwerako tsiku lililonse. Amenewo ndani adzandimasule kwa iwo?"

Anakankhira kachitini kaja kwa mwana wawo.

Alendo ananyamuka m'mawa mwake ndi mtolo wawo. Asanafike n'komwe pasiteji, chitambala chakuda chinali chitabwerera pamutu pa Ba Elina. Ku Katete sanapite. Chitenge chowala chimene anasungira tsikulo chikali m'bokosi lachitsulo lija, pamodzi ndi thumba la ufa lopindidwa kanayi. Jekete la Ba Peter linang'ambika m'zigongono n'kukhala chopukutira galasi la minibasi, ndiye ngakhale choti abale adzagawane palibenso.

Fanwell akali pakhomo pa mayi ake. Disembala aliyense amaimirira kumpingo kufotokoza mmene anamasulira nyumba yawo ku katundu wakale, ndipo amati sanayambe wapepukapo chonchi. Ndimamukhulupirira. Akachoka kumeneko amabwera kudzadya, amakhala pampando wa bambo ake, n'kudzithirira yekha mchere.